NKHUYU ZA HEZEKIYA NDI KAMA WA YAKOBO

Mau a kwa iwo amene mbale wao alikudwala nthenda yosachiritsika.
Werengani 2 Mafumu 20:1-7 ndi Genesis 47:27-31, 49:28-33.

Palibe mudzi masiku ano umene ulibe mwana wache ku Lilongwe. Chiyambire chaka cha 1975, pamene Lilongwe anakhala mzinda waukuru wa dziko, ana athu akhala alikumka kumeneko kukafuna nchito, nakhala m'nyumba za lendi ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi kwa Mgona. Ndipo kumene munthu agwira nchito ndi komwenso adwalira. Chifukwa chache ambiri a inu mudziwa mau aja ofika pa lamya usiku, akuti, Bwerani, matenda akula. Mudziwanso chimene chitsata: mai amanga ufa ndi nyemba pa nsaru, akwera minibasi, nakagona pansi pambali pa kama wa mwana wache ku chipatala chachikuru. Ndipo atapita masabata, tsiku lina dotolo aitana abale, nawauza kuti nthenda yafalikira m'thupi, ndi kuti palibenso mpeni kapena mankhwala akutha kuichotsa.

Pamenepo banja ligawanika. Wina ati, Atitaya chifukwa ndife osauka. Wina ati, Tigulitse njinga ndi dimba, titenge katapila, timke naye ku chipatala cholipira. Wina atchula sing'anga wa kutali, ndi wina mneneri wopempherera pa phiri. Onsewa alankhula mwa chikondi. Koma wodwalayo agona pakati pao alikubuula, ndipo palibe womfunsa chimene mtima wache ufuna. Za ichi tifuna kulankhulana nanu mwezi uno, pakuti tiona kuti nkhawa yambiri ichokera m'kusazindikira kuti zisamaliro ziri ziwiri, ndipo chiri chonse chiri ndi nthawi yache.

I. Amuna awiri pa kama.

Malembo ationetsa amuna awiri amene imfa inawayandikira. Woyamba ndiye Hezekiya mfumu ya Yuda, amene anagwidwa ndi chithupsa choopsa ali pakati pa zaka zache. Mneneri Yesaya anadza kudzamuuza kuti alongosole za pa banja lache, popeza sadzadzukanso. Mfumuyo inapemphera ndi misozi, ndipo Mulungu anaimvera, naionjezera zaka 15. Koma penyetsani umo kuchirako kunadzera: mneneri yemweyo analamula kuti atenge nkhuyu zoumba pamodzi, aziike pa chithupsacho. Pemphero ndi mankhwala zinayendera pamodzi, ndipo palibe chimene chinanyoza chinzache.

Wachiwiri ndiye Yakobo, nkhalamba ya zaka 147, wa maso osapenyanso bwino, alikukhala m'Aigupto. Dziko limenelo linali ndi asing'anga omveka, ndipo Yosefe mwana wache anali nao asing'anga omtumikira. Koma sitiwerenga kuti Yakobo anapempha zaka zina. Iye anazindikira nthawi yache. Anaitana Yosefe, namlumbiritsa kuti akamuike m'manda a makolo ache, ku phanga la Makipela. Anadalitsa adzukulu ache Efraimu ndi Manase. Anasonkhanitsa ana ache amuna onse 12, nanena kwa yense mau omuyenera, ena okoma ndi ena owawa. Ndipo atatha kulankhula anagona pa kama wache, namwalira ana ache alipo.

Kodi Mulungu anakonda Hezekiya koposa Yakobo? Iai. Kodi Yakobo anaperewera chikhulupiriro? Iai ndithu, kalata ya kwa Ahebri imwerengera pakati pa okhulupirira chifukwa cha madalitso amene anapereka alinkufa. Njira zonse ziwiri zichokera m'dzanja limodzi. Nzeru imene tipempha ndiyo ya kudziwa ngati mbale wathu ali pa kama wa Hezekiya kapena pa kama wa Yakobo. Pakuti kumana Hezekiya nkhuyu ndiko kumupha, ndipo kukakamiza Yakobo nkhuyu tsiku ndi tsiku, osamlola kudalitsa ana ache, ndiko kumsautsa chabe.

II. Chisamaliro cha kulimbana ndi nthenda.

Chisamaliro choyamba ndicho cha changu, cholimbana ndi nthenda kuti ichoke. Nyumba yache yaikuru m'Chigawo cha Pakati ndiyo chipatala cha Kamuzu Central, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1977, ndipo zipatala za maboma zitumizako odwala amene zalephera. Kumeneko ang'amba munthu ndi kumsokanso, athira mwazi mwa iye amene wache watha, alowetsa madzi ndi mankhwala m'mitsempha, apatsa mpweya wa okosijeni, atsuka mwazi wa iwo amene impso zao zaleka nchito; kulinso chipinda cha odwala mwakayakaya, m'mene makina apumira munthu kufikira mapapu ache atalimba. Izi zonse ndi mphatso za Mulungu, ndizo nkhuyu za masiku athu.

Chisamaliro ichi chiri ndi cholinga chimodzi: kubweza munthu amene nthenda yache ingathe kubwezedwa. Wogundidwa ndi galimoto, mwana wokomoka ndi malungo, mai wotaya mwazi atabereka, mwamuna wopotoka matumbo, nkhalamba yobanika ndi chibayo: amenewa thamangani nao, usana kapena usiku, osayamba mwaitana bwalo la abale. Zoona, njira iyi iri ndi mtengo wache. Pali majekeseni ndi timapaipi, pali mseru ndi kufoka, pali phokoso la m'chipinda cha anthu ambiri. Ana a wodwala sakhala naye, ndipo womdwazika aphikira panja, nagona pa simenti. Koma munthu apirira zonsezi monga mlimi apirira dzuwa la malimwe pokonza munda, chifukwa kutsogolo kuli zokolola.

Pano tichenjezane. Musafulumire kutcha nthenda yosachiritsika pamene iri ndi mankhwala ache. Akuru akumbukira zaka zija Edzi inadzaza manda. Koma chiyambire 2004, pamene boma linayamba kugawa ma ARV kwaulere, tawaona anthu amene ananyamulidwa pa mphasa alikubwerera ku munda ndi khasu, ngakhale kachirombo sikachoka m'thupi. Chifuwa chachikuru chichira ndi mankhwala a miyezi 6. Ngakhale khansa, ikapezeka isanafalikire, kawirikawiri igonja. Ndicho chifukwa amai ayenera kukayezetsa khomo la chiberekero asanamve kuwawa, ndi kulola atsikana ao alandire katemera amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse m'chaka cha 2019. Tsono kunena kuti nthenda yapitirira si udindo wa malume, kapena wa mkuru wa mpingo, kapena wa mbusa. Ndi udindo wa dotolo amene wamuyeza munthuyo.

III. Chisamaliro cha kupepuza zowawa.

Koma ifika nthawi kwa ena pamene khansa ya chiberekero, kapena ya kummero, kapena ya chiwindi yamwazikana m'thupi. Kapena mtima ndi mapapu zafoka kotheratu. Muona munthu aturuka m'chipatala nabwereranso, ndipo ulendo uli wonse abwera wofoka koposa woyamba. Chotupa sichimveranso mankhwala. Usana wonse athera pa mphasa. Pamenepo zida zomwezo zopulumutsa ena zingamuonjezere masautso. Marko asimba za mkazi amene anadwala zaka 12, natha chuma chache chonse kwa asing'anga ambiri. Iye anachira pokhudza chobvala cha Ambuye. Koma mlembiyo sanabisa kuti kuzungulira kwa zaka zonsezo kunangomsaukitsa ndi kumzunza. Mabanja ambiri ayenda njira yomweyo: agulitsa malata a pa nyumba, achotsa ana pa sukulu, ndipo pakutha pache atsala ndi maliro ndi ngongole.

Apa palowa chisamaliro chachiwiri. Icho sichilonjeza kuchotsa nthenda, ndiponso sichifulumizitsa imfa. Cholinga chache ndi chakuti munthu, masiku onse amene Mulungu amsiyira, akhale wopepukidwa ululu, wosamba, wogona tulo, wokhala pakati pa anthu ache, ndi wokonzeka mumtima. Azungu atcha nyumba za chisamaliro chotere hospice. Yotsogolera zonse za masiku ano, dzina lache St Christopher's, inatsegulidwa ku London m'chaka cha 1967 ndi mai Cicely Saunders, Mkristu amene anali namwino asanakhale dotolo. Iye anaphunzitsa kuti ululu wa munthu woyandikira imfa suli m'thupi mokha, koma uli panayi: m'thupi, m'maganizo, m'nkhawa ya pa banja, ndi mumzimu. Ndipo mau amenewa tiwazindikira. Bambo wogona kwa Chinsapo amva chotupa chirikumluma. Koma amvanso mwini nyumba alikugogoda pa mwezi, aganizira mwana amene sanatsirize sukulu, nadzifunsa usiku ngati Mulungu wamkhululukira. Wochiza ululu umodzi nasiya utatu sanamthandize kwenikweni.

Nchitoyi inafika ku Harare m'chaka cha 1979 pa dzina la Island Hospice, ndi ku Uganda m'chaka cha 1993 mwa dotolo Anne Merriman, amene anasonyeza kuti mankhwala amphamvu otchedwa mofini, akasungunulidwa m'madzi, akhala otsika mtengo, ndipo wodwala angathe kumwa ali pa mphasa yache. Kwathu kuno inazika mizu ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Umodzi unayamba kusamalira ana m'chaka cha 2002, ndi Tiyanjane kusamalira akuru m'chaka cha 2003. Ku Salima mai Lucy Finch, namwino wobadwira m'dziko lino, anatsegula Ndi Moyo m'chaka cha 2007. Ndipo m'chaka cha 2014 boma linakhazikitsa ndondomeko yache ya chisamaliro chimenechi. Ku Lilongwe bungwe la Lighthouse, lokhazikitsidwa m'chaka cha 2001 pa Kamuzu Central, linadziwika ndi anamwino ndi anthu odzipereka oyendera odwala m'makomo mwao.

Zindikirani tsono kuti m'dziko lathu hospice, kwa anthu ochuruka, si nyumba ina ya makama. Ndiyo nyumba ya wodwala mwini, kachipinda ka kwa Mgona kapena nyumba ya kumudzi, mukalowa mankhwala oyenera, malangizo a namwino, ndi manja a abale. Khomo lache ndilo kufunsa: funsani ku Kamuzu Central musanaturuke, kapena ku chipatala chaching'ono cha ku Kawale kapena cha ku Area 25, kapena ku chipatala cha boma la kwanu, kuti akulozereni kwa osamalira odwala matenda osachiritsika.

Mankhwala a ululu akwera monga makwerero a masitepe atatu, umo bungwe la za umoyo la dziko lonse lapansi linaphunzitsira m'chaka cha 1986. Ululu ukakhala wochepa, Panado ndi anzache. Ukakula, ena apakati monga codeine. Ukafika poopsa, mofini. Lamulo lache ndi lakuti amwedwe pa kamwa, ndi pa ora lache, osadikira kuti munthu ayambe wakuwa. Mofini wa madzi amwedwa maora 4 ali onse. Moto uzimidwa bwino usanagwire denga.

IV. Mau atatu amene atseka njira.

Tidziwa kuti pali mau atatu amene aletsa mabanja ambiri kulandira chisamaliro chimenechi, ndipo tiyenera kuwayankha poyera.

Oyamba ndi akuti, Atitaya. Iai, abale. Dotolo wonena kuti sangathe kuchotsa nthenda sananene kuti palibe chochita. Zochita ziripo zambiri. Chasintha ndi cholinga. Ndipo khomo la chipatala silitsekedwa: wodwala khansa akagwidwa ndi malungo, achiritsidwe malungowo, akalephera kukodza, akataya mwazi wambiri, akathyoka pfupa, kapena ululu ukapambana mankhwala, bwererani naye msanga. Ndiponso zisamaliro ziwirizi si adani. Kupepuza ululu kungayambe madotolo akali kulimbana ndi nthenda, ndipo kuyamba msanga kuli bwino koposa kuchedwa.

Achiwiri ndi akuti, Mofini ndi mankhwala omalizitsa munthu. Anthu atero chifukwa aona mankhwalawo alikupatsidwa kwa odwala kwambiri, ndipo pambuyo pache amwalira. Koma chimene chapha ndi nthenda, monga tambala sabweretsa mbandakucha ngakhale alira patsogolo pache. Akamwedwa pa muyeso wa dotolo safupikitsa moyo. Ambiri atalandira ayambanso kugona, kudya pang'ono, ndi kucheza ndi ana ao. Chimene achita ndi kuumitsa m'mimba, ndipo masiku oyamba angabweretse tulo ndi mseru. Chifukwa chache namwino apatsanso ofewetsa m'mimba. Ena ati, Kodi Ambuye sanakana vinyo wosanganiza ndi mure pa Gologota? Inde anakana, pakuti anali ndi chikho chimene Iye yekha anayenera kumwa chifukwa cha ife. Chikho chimenecho sichiri cha mai wanu. Ululu wa khansa sulipira tchimo la munthu ali yense. Mangawa analipidwa kale. Ndipo Iye yemweyo, atamva ludzu, sanakana chinkhupule chonyowa.

Achitatu ndi akuti, Kubvomera ndiko kutaya chikhulupiriro. Elisa, amene anaukitsa mwana wakufa ndi kuchiritsa Namani wakhate, anadwala nthenda imene inamupha. Paulo, amene manja ache anachiritsa ambiri, anasiya Trofimo alikudwala ku Mileto. Ndipo iye mwini anapempha katatu kuti munga umchoke, koma sunachoke. Ndipo Ambuye m'Getsemane anapempha kuti chikho chichotsedwe, natsiriza pemphero lache ndi kugonjera chifuniro cha Atate. Pempherani kuti mbale wanu achire. Mulungu sanaleke kuchita zodabwitsa. Koma chikhulupiriro sichilamula Mulungu. Chimgwira dzanja mumdima. Chenjerani nao ogulitsa madzi ndi mafuta, amene auza wodwala kuti ataye mankhwala, ndipo nthenda ikakula anena kuti sanakhulupirire mokwana. Iwo asenzetsa wofoka katundu wachiwiri. Chenjeraninso ndi mau akuti, Wamlodza ndani? Khansa siponyedwa ndi azakhali kapena agogo. Ndiyo mnofu wa thupi lomwelo umene wayamba kukula mopanda lamulo. Lamulo la dziko la chaka cha 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo lamulo la Mulungu linaletsa umboni wonama kale lomwe.

V. Nanga tichitenji?

Choyamba, funsani. Akuru anati, Safunsa anadya phula. Anatinso, Kandimverere anakanena za m'maluwa. Musatume mwana wa sukulu yekha kukamva mau a dotolo. Mukani awiri kapena atatu, mwini mbumba ndi mkazi kapena mwamuna wa wodwalayo, ndipo mufunse poyera: Kodi nthendayi ichira, kapena ingochedwetsedwa? Mankhwala awa, kapena opaleshoni iyi, zidzampatsa chiani, ndipo zidzamsautsa motani? Tiyembekeze masabata kapena miyezi? Tikamka kwathu, ululu ukakula, tikaone yani? Dotolo sadziwa tsiku, koma adziwa kumene njira ilowera.

Chachiwiri, musamnamize wodwala. Mwambo wathu uti timbisire, kuti angataye mtima. Koma thupi ndi lache, ndipo kawirikawiri adziwa kale. Angokhala chete kuti asakulizeni inu, ndipo inu mukhala chete kuti musamlize iye, kotero kuti yense asenza yekha katundu amene mukadasenzana. Yesaya sanambisire Hezekiya. Mfunseni mofatsa chimene afuna kudziwa, mumuuze monga angathe kulandira, ndipo mumvere liu lache pa za kupitiriza mankhwala olemetsa kapena kuleka.

Chachitatu, sankhani malo pamodzi naye. Ena afuna kutsalira m'tauni, pafupi ndi chipatala ndi ana ao; ena alakalaka kwao, monga mtima wa Yakobo unali ku dziko la makolo ache. Yesani zonse ziwiri mosabisa: m'tauni madzi ndi ogula, makala ndi ogula, nyumba ndi ya lendi ndi yothina, kumudzi manja ndi ambiri ndi malo ndi otakasuka, koma chipatala chiri kutali. Akasankha kumudzi, mumke naye akali wokhoza kukhala tsonga m'galimoto. Mutenge buku lache la ku chipatala, kalata ya dotolo, ndi mankhwala okwanira, ndipo mudziwiretu kumene mukatenge ena akatha. Nkwabwino kuti alowe m'mudzi ali moyo, naone anthu ache, kusiyana ndi kulowamo m'bokosi. Ndipo ulendo wa wamoyo ndi wotsika mtengo koposa wa maliro.

Chachinai, phunzirani nchito ya manja. Akaleka kudzitembenuza yekha, mtembenuzeni maora 2 ali onse, kuti asaturuke zironda pa msana ndi m'chuuno. Msambitseni, muchape nsaru zache, mutsegule zenera, mutsuke m'kamwa mwache. Pogwira zironda kapena mwazi bvalani magolovesi, ndipo akasowa, majumbo osabooka. Mofini mumsunge kutali ndi ana, musagawireko wina, ndipo wotsala mukambweze ku chipatala. Masiku otsiriza akafika, adzagona kwambiri, adzakana chakudya, manja ndi mapazi zidzazizira, mpweya udzayamba kudukiza, ndipo pa mmero padzamveka phokoso. Musamkakamize phala, pakuti lingamtsamwe. Iye sali kufa chifukwa waleka kudya, koma waleka kudya chifukwa alinkufa. Mnyowetseni milomo, mgwireni dzanja, mulankhule naye, muyimbe. Pakuti makutu kawirikawiri atsala alikumva pamene pakamwa patseka.

Chachisanu, mloleni alongosole za banja lache. Anene za nyumba, za munda, ndi za ana akali ndi nzeru zache, ndipo zilembedwe, nazisaine pamaso pa mboni ziwiri. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 liteteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo liyesa kulanda chuma chao mlandu; koma Mkristu sayenera kudikira kuti lamulo limletse. Ino ndiyonso nthawi ya kuitana mbale amene anadana naye, ya kupepesana, ya kuitana mbusa ndi kulandira Mgonero wa Ambuye. Zimenezi sizichitika bwino pakati pa timapaipi ndi maulendo osatha a pa kabaza. Zifuna masiku abata, ndipo masiku amenewo ndiwo mphatso ya chisamaliro chachiwiri.

Chotsiriza ndi mau a kwa mpingo. Ife tidziwa kusonkhana pa maliro; tidzaza bwalo, tiyimba usiku wonse, tisonkha ufa ndi nkhuni. Nkwabwino. Koma munthu yemweyo anagona miyezi itatu m'kachipinda, ndipo womdwazika anali mkazi mmodzi, wosagona, wosamka ku msika, wosamka ku tchalitchi. Mutu umodzi susenza denga. Amai a Chigwirizano ndi a magulu ena, akuru a mpingo, anyamata ndi atsikana, gawanani masiku. Wina atunge madzi, wina achape, wina adze ndi sopo kapena makala, wina adikire usiku umodzi kuti wodwazika agone. Ndipo amuna asayese kuti nchitoyi ndi ya akazi okha. Kutembenuza munthu wamkuru kufuna mphamvu. Ambuye wathu, pa usiku wache wowawitsa, sanapemphe ophunzira atatu aja kuti amlanditse. Anangopempha kuti akhale maso pambali pache, ndipo iwo anagona. Tisagone ife.

Abale, amene adzuka pa kama wa Hezekiya adzafikanso pa kama wa Yakobo. Pakuti zaka 15 zija zinatha, ndipo mfumuyo inaikidwa m'manda. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Chifukwa chache tiyamike Mulungu chifukwa cha madotolo olimbana ndi imfa, timyamikenso chifukwa cha anamwino operekeza iwo amene sangabwerere. Pamene pali chiyembekezo cha kuchira, tithamange osaumira kanthu. Pamene dotolo wamuyeza nanena kuti njira yatembenuka, tisachite manyazi kudza naye mbale wathu pa malo abata, ndi kumtumikira kufikira mpweya wotsiriza. Pakutero sitimtaya, timpereka kuchokera m'manja mwathu motopa kulowa m'manja mwa Iye amene analawa imfa nauka, amene adzaukitsanso thupi lomweli tirikulisambitsa lero, lopanda chironda ndi lopanda ululu. Iye atipatse nzeru ya kuzindikira nthawi, ndi chikondi chosatopa. Amen.